Mitsempha yotupa kumusi ukakhala ndi pakati, si mauka ndipo osayerekeza kudula

Za pathupi zina timakamba momasuka ngakhale mu minibasi, nseru, kulakalaka mango osapsa, mapazi kutupa mpaka masilipasi kukana kulowa, zimenezo aliyense amaseka nazo. Koma ilipo ina imene munthu umangoyimeza wekha, mwezi wa 6 kapena wa 7 ukusamba bwinobwino dzanja kungokhudza kumusiku nkumva zinthu zapiringizana ngati nyongolotsi pansi pa khungu, mbali imodzi yatupa kuposa inzake, ndiye poti mimba yatchinga sungaone, umachita kutenga galasi kapena kamera ya foni kusuzumira, ndipo zomwe waonazo mtima umangoti phaa. Maganizo oyamba ambiri sapita ku mitsempha ayi, amapita kwa bambo akunyumba kuti kaya anditengera chani kunjaku, ena amaganiza za mauka, ena za anthu oipa mtima amene sakukondwa ndi mimbayo.

Nthawi zambiri nkhani yake ndi ya magazi basi. Ndi mitsempha yomwe ija imatupa mmiyendo ya amayi athu nkumaoneka ngati zingwe kuseri kwa bondo, kungoti ulendo uno yatupira pa milomo ya kumaliseche, pena mpaka mkati mwa ntchafu ndi kumatako. Kuchipatala amati vulvar varicosities, ndipo azamba amene akhalitsa pa ntchito anaziona kambirimbiri, inuyo simukhala woyamba kuwaonetsa.

Kuti timvetsane tiyambe ndi mmene magazi amayendera. Mtima umapopa magazi kupita kumusi, imeneyo si ntchito yovuta poti akutsetsereka, vuto ndi ulendo wobwerera chifukwa akuyenera kukwera chitunda kuchokera kuphazi mpaka pachifuwa. Nde mkati mwa mitsempha yobweza magaziyi muli tizitseko ting'onoting'ono totseguka mbali imodzi yokha, mavavu, magazi akadutsa timatseka kuti asabwerere pansi. Amene munaonako akukonza mjigo mukudziwa, pansi pa paipi pamakhala kavavu kogwira madzi, kakatha mumapopa mpaka thukuta madzi akungobwerera pansi. Mtsempha ukatanuka nkukula, tizitseko tija sitikumananso pakati, magazi ena amabwerera nkudikha pamenepo ngati chithaphwi, mtsemphawo nkumafufumirabe, nkuyamba kupindikapindika poti wasowa malo.

Tsono mimba imabweretsa zinthu zitatu nthawi imodzi ndipo zonse zikukankhira mbali yomweyo. Magazi amachuluka, pofika miyezi yomaliza mayi amakhala ndi magazi oonjezereka ndi 40 mpaka 50 pa 100 iliyonse, tingoti lita ndi theka pamwamba pa amene anali nawo kale, mapaipi ndi omwe aja. Kenako pali homoni ya progesterone imene ntchito yake ndi kufewetsa minofu kuti chiberekero chisamakungike nthawi isanakwane, koma siisankha, imafewetsanso makoma a mitsempha ndi matumbo omwe, nchifukwa chake kudzimbidwa kumabwera limodzi. Chachitatu ndi kulemera kwenikweniko. Chiberekero chopanda kanthu ndi kanthu kakang'ono kosafika ndi magalamu 100 omwe, pofika mwezi wa 9 pachokha chimalemera pafupifupi kilo imodzi, muikemo mwana wa makilo atatu, nsengwa ndi madzi, katundu yenseyo wakhala pamwamba pa mitsempha ya mchiuno komanso pa mtsempha waukulu umene umatenga magazi onse a kumusi kupita nawo kumtima. Mtsempha umenewu umadutsa chakumanja kwa msana, sungani mfundo imeneyi tiyifunanso. Zili ngati munthu waponda paipi yothirira dimba, kumbuyo kwa phazi lake paipi imafufuma, ndipo pofooka mpamene pamayamba kuonekera.

Nanga bwanji ena zimawachitikira ena ayi? Mtundu umathandizira, ngati amayi anu kapena agogo ali ndi mitsempha yotupa mmiyendo mwayi woti inunso muione ndi waukulu. Mimba yoyamba ambiri amadutsa osaona kanthu, zimakonda kutulukira pa yachiwiri kumapita kutsogolo chifukwa mimba iliyonse imasiya mitsempha itatanukako pang'ono, ndipo amene anaziona kamodzi ulendo wotsatira zimayamba msanga. Mapasa, thupi lalikulu, msinkhu ukamapita, zonsezi zimaonjezera. Komanso ntchito, ndipo apa mpamene ine ndimaona kuti malangizo a pa intaneti amalembedwera anthu ena osati ife, amangoti pumulani mokwanira ngati kupuma kumagulidwa pa golosale. Mayi wogulitsa tomato amaima kapena kukhala pa kampando kafupi tsiku lonse, mphunzitsi amaima pa bolodi mpaka kuweruka, wa saluni, namwino, telala amene wakhala pa makina kuyambira mmawa, amene ali ku Joni mu shopu pa thilu, kumudzi ndiye kusenza ndowa ya malita 20 kangapo patsiku, kuchapa chonyonyomala, kuphika pa mafuwa utawerama. Kuima malo amodzi, kukhala malo amodzi, kunyamula zolemera, zitatu zimenezi ndiye chakudya cha mitsempha yotupa.

Mmene zimamvekera zimasiyana. Ena samva kalikonse amangouzidwa ndi azamba. Ena amamva kulemera kumusi ngati chinachake chikufuna kugwa, ngati mwana watsika nthawi isanakwane, kuyabwa, kuwawa kokoka, pena kutentha, ndipo chizindikiro chachikulu nchoti mmawa podzuka kumakhala bwinoko koma pofika madzulo utayendayenda kumakhala kutadzadza, ukagona nkukweza chiuno kumaphwa. Mabuku amakonda kunena kuti mitsemphayi imaoneka ya buluu kapena yofiirira, pa khungu lathu lakudali mtundu sungaoneke kwenikweni, chimene mungadalire ndi kukhudza, imakhala yofewa, ukadina pang'ono imaphwa ukasiya imadzadzanso.

Pamenepa mpomwe pali kusiyana ndi zinthu zina zomwe zimatuluka malo omwewo. Njerewere za kumaliseche zimakhala zokhakhala ndipo siziphwa ukagona. Chilonda, kaya chikuwawa kaya sichikuwawa, chimenecho si mtsempha, chikhoza kukhala chindoko kapena matenda ena opatsirana ndipo chindoko kwa mayi wapakati nchoopsa kwa mwana, nchifukwa chake kusikelo amayeza magazi. Chotupa chimodzi chozungulira ngati dzira chammunsi mwa khomo, chopweteka mpaka kulephera kukhala pansi, nthawi zambiri ndi kathumba kotulutsa chinyezi kamene katsekeka nkuchita mafinya. Kuyabwa kobwera ndi zoyera ngati chambiko ndi nkhani inanso, ili ndi mankhwala ake. Nde musadzipime nokha ndi zithunzi za pa Google, kaonetseni. Ndipo kusikelo musadikire kuti akufunsani, mzere umakhala wautali, amakuyezani BP, kupima mimba, kumvera mtima wa mwana, kulemba mbuku nkuitana wina, kumusi sayang'ana pokhapokha mwanena. Mawu ake ndi ochepa, anamwino kumusiku kwatupa mitsempha ndimafuna muone, basi. Pano amalimbikitsa kupita kusikelo maulendo 8 pa mimba imodzi, mpata wonena ulipo wambiri.

Chimene chandipangitsa kulemba zonsezi kwenikweni ndi lumo. Kwathu kuno chilichonse chomera kapena choyabwa kumusi timathamangira kuchitcha mauka, ndipo alipo azimayi akuluakulu mmidzi ngakhale mmatauni momwe amene amadziwika kuti amadula, ena amatema mphini nkupaka mankhwala akuda. Sindikunyoza agogo athu, zambiri amatithandiza, koma apa pokha ayi. Chimene chatupacho si kanyama komera pamwamba, ndi mtsempha wodzadza magazi, ndipo kumbuyo kwake kuli magazi onse a mchiuno akukankha. Kuudula kumeneko ndi kuboola paipi, magazi ake savuta kutuluka koma kuwaletsa kunyumba nkovuta, ndipo mayi wapakati amene mwina magazi ndi ochepa kale alibe oti ataye. Onjezerani lumo loti ladula anthu angapo, kafumbata, HIV, mafinya pa malo amene mwana adutsepo miyezi iwiri ikubwerayi. Chimodzimodzi zoika kumusi, zitsamba, mandimu, mchere, mafuta otentha aja opaka pa msana, palibe chimene chingaphwetse mtsempha, zimangowotcha khungu lomwe ndi lopyapyala kale.

Abambo nanunso imvani, si matenda opatsirana, sanakutengereni kanthu ndipo simungatengeko kanthu, ndipo mwana mmimba sizimukhudza olo pang'ono. Za kuchipinda sizoletsedwa ngati azamba sanaletse pa zifukwa zina, koma ngati akuti kukuwawa ndiye kuti kukuwawadi, kugona chammbali kumathandiza ena, ena zimangofunika kudikira.

Kupewa kwake tinene chilungamo, simungaletse magazi kuchuluka kapena chiberekero kukula, nde palibe njira yotsimikizika yoti zisabwere. Chomwe mungathe ndi kuchepetsa kuti zisafike poipa, ndipo zomwe zimapewa ndi zomwezonso zimachepetsa ululu zikabwera. Yoyamba ndi yaulere, kugonera kumanzere. Paja tinati mtsempha waukulu uli chakumanja, nde mukagonera kumanzere chiberekero chimachokapo pamwamba pake magazi nkumadutsa bwino, ikani pilo pakati pa maondo. Kugona chagada miyezi yomaliza ndiye kumaupsinja kwambiri, ena mpaka amachita chizungulire. Mukadzidzimuka usiku muli chagada musade nkhawa, ingotembenukani. Masana mukapeza mphindi 15 kapena 20 gonani chammbali nkuika pilo kapena bulangete lopinda pansi pa chiuno ndi miyendo kuti kumusi kukwereko, kawiri katatu patsiku, mumva nokha kukupepuka.

Kuyenda nkwabwino kuposa kuima. Akatumba a mmiyendo amagwira ntchito ngati thiredo pampu, mukamaponda amafinya mitsempha magazi nkumakwera, mukangoima chilili pampu yazima. Nde ngati ntchito yanu ndi yoima, muzisunthasuntha, kunyang'ama ndi zala za kuphazi nkutsika kangapo, kukhala pansi pakapita theka la ola, ngati ndi yokhala muzidzuka, ndipo zopingasa miyendo siyani kaye. Pa ulendo wautali wa basi, tinene Lilongwe mpaka Mzuzu kapena wa ku Joni uja, paliponse pamene yaima tsikani muyendeko ngakhale simukufuna kutaya madzi. Kuchapa ikani beseni pamwamba, kuphika khalani pa mpando osati chonyonyomala, madzi atunge ena kapena mutunge theka la ndowa maulendo awiri, apongozi akayankhula auzeni kuti ndi achipatala anena, pamenepo simunaname.

Madzi ozizira amathandiza kwambiri. Kansalu koyera konyika mmadzi a mumtsuko nkuika pamenepo mphindi 10 kapena 15, amene muli ndi filiji kulungani ayisi mu kathaulo, osaika ayisi pakhungu mwachindunji. Madzi otentha ndiye amachita zosiyana, amatanula mitsempha, nde zothowa ndi madzi otentha pamalo pamenepa ayi, pa nthawiyo zimamveka bwino koma pambuyo pake kumadzadza kuposa kale.

Palinso zovala zake. Kunja amagulitsa malamba opangidwira zimenezi amene amadutsa pakati pa miyendo nkumagwira kumusi, kuno sapezekapezeka ndipo ndi odula, koma nzeru yake ndi yosavuta, pakufunika chinthu chokankha pang'ono kuchokera pansi. Ambiri amavala panti wa kotoni wogwira bwino nkuikamo padi yokhuthala kapena kansalu kofewa kopinda, pamwamba nkuvala taiti ya amayi apakati, bola isakhale yofinya pamimba kapena yodula mu mphechepeche chifukwa imeneyo ikutsekanso njira. Ngati miyendo nayo yatupa mitsempha pali masokosi olimba a kufamase otchedwa compression stockings, funsani saizi yoyenera, ndipo amavalidwa mmawa musanadzuke pabedi magazi asanatsikire pansi, kuvala masana miyendo itatupa kale phindu lake ndi lochepa.

Za kuchimbudzi tisazidumphe. Kudzimbidwa nkumakakamiza kumakankhira magazi mmitsempha yomweyi, nchifukwa chake mitsempha ya kumusi ndi mudzi, mapailosi aja, zimakonda kuyendera limodzi, ndi pachibale. Mapilitsi oonjezera magazi a kusikelo ena amawadzimbitsa, koma musawasiye, mukuwafuna, mmalo mwake onjezerani madzi akumwa, nsima ya mgaiwa mmalo mwa woyera, masamba ambiri kaya ndi bonongwe, nkhwani, chisoso, therere, nyemba, mbatata, papaya wakupsa, mango ikakhala nyengo yake. Zikakanika nenani kusikelo, alipo mankhwala ofewetsa amene savulaza mwana.

Ululu ukakula panado ndi amene amaloledwa, pa mlingo umene akuuzani. Bulufeni, diclofenac, indosidi ndi anzawo musagule pa okala nkumamwa, kwa mayi wapakati makamaka kuyambira masabata 20 kupita kutsogolo akhoza kusokoneza impso za mwana ndi madzi amene akukhalamo, ndipo chakumapeto amasokonezanso kayendedwe ka magazi ku mtima wake. Asipilini ena amapatsidwa wa mlingo wochepa chifukwa cha BP, ameneyo ndi wa adokotala, si wa mitsemphayi.

Tsono pali nthawi imene simuyenera kudikira tsiku la sikelo. Mimba payokha imapangitsa magazi kuundana msanga, thupi limakonzekera kuti lisadzataye ambiri pochira, moti chiopsezo cha magazi kuundana mumtsempha chimakwera kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi mayi amene alibe pakati, ndipo chimakhalabe chokwera masabata 6 mutachira. Mtsempha umene unali wofewa ukasanduka wolimba ngati chingwe, wotentha, wopweteka kuukhudza, pitani tsiku lomwelo. Mwendo umodzi ukatupa kuposa unzake, katumba kapena ntchafu ikuwawa, kawirikawiri umakhala wakumanzere, pitani, ndipo musalole munthu akusisiteni kapena kukuthowani chifukwa chimene chaundanacho chikhoza kuthothoka. Kubanika mwadzidzidzi, kuwawa pachifuwa popuma, kutsokomola magazi, imeneyo ndi ya galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, ndiye kuti mwina chafika ku mapapo. Kuchipatala amaona ndi sikani ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa heparin amene safika kwa mwana. Mtsempha ukaphulika nkumatuluka magazi gonani, kwezani chiuno, dinani ndi nsalu yoyera osasiya, ena akusaka transipoti. Ndipo magazi aliwonse otuluka kumusi muli ndi pakati musangoti ndi mitsempha ija, akaone ndi achipatala komwe akuchokera.

Funso limene aliyense amakhala nalo ndi la tsiku lochira, kodi siziphulika mwana akamadutsa, kodi sandipanga siza. Ambiri ndithu amachira bwinobwino njira yabwinobwino, mitsempha yotupa payokha si chifukwa chopangira opaleshoni, magazi amene ali mmenemo sathamanga mwamphamvu ndipo ikang'ambika azamba amatha kudina kapena kusoka. Ndi apo ndi apo pamene yakula modabwitsa mpaka mkati pomwe adokotala amakhala pansi nkuganizira njira ina, ndipo zikatero akutumizani ku chipatala cha boma chachikulu kapena ku sentolo ngati Queens, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Chofunika nchoti zilembedwe mbuku lanu ndipo mukafika ku leba munenenso, chifukwa amene akuchiritseni mwina si amene ankakuonani kusikelo, akadziwa amasamala pothandiza mutu kutuluka ndipo ngati pafunika kuonjezera njira amadziwa mbali yoti apewe. Ichi nchifukwa chinanso chosachirira kunyumba kapena panjira, ngati kwanu nkutali pitani kuchidikiro nthawi ilipo. Mukachira nkumva ululu woopsa kumusi ndi chotupa cholimba chimene chikukula mofulumira, itanani namwino pompo osachita manyazi, pena magazi amatha kutayikira mkati mwa khungu osaonekera kunja.

Mwana akangotuluka katundu uja wachoka pa paipi, ambiri amaona kusintha masiku oyambirira omwe, ndipo pofika sikelo ya masabata 6 mitsempha imakhala itaphwa kapena yatsala pang'ono. Nchifukwa chake madokotala safuna kuchita chilichonse chachikulu mimba ili mkati, kubaya kapena kuchotsa mtsempha umene uphwe wokha nkungodziputira mavuto. Ya mmiyendo imachedwerako ndipo ina siitheratu.

Alipo ochepa amene miyezi itatu, inayi, chaka chimakwana zikadalipo, kapena kunja kwaphwa koma atsala ndi ululu wokoka mchinena umene umakula akaima nthawi yaitali, akamayandikira kusamba kapena akatha kukhala malo amodzi ndi bambo. Pamenepo mwina mitsempha ya mkati mwa chiuno, makamaka yochokera ku mabasiketi a mazira, ndi imene mavavu ake anatha ndipo ikutsitsira magazi pansi, dzina lake amati pelvic congestion syndrome. Amayi otere ambiri amangopatsidwa maantibayotiki ulendo ndi ulendo ngati ali ndi matenda opatsirana, nde nkofunika kumuuza dokotala kuti munali ndi mitsempha yotupa muli ndi pakati, zimamupatsa poyambira. Amaunika ndi sikani ya Doppler imene imaonetsa komwe magazi akulowera. Chithandizo chilipo, pali kubaya mankhwala mumtsempha kuti uume nkutsekeka komwe amati sclerotherapy, pali kuchotsa timitsempha ta pamwamba podula pang'ono, palinso kulowetsa kachubu kudzera mu mphechepeche kapena pakhosi nkukatseka mtsempha wovutawo mkati ndi timawaya topota. Zimenezi ndi za madokotala a mitsempha mzipatala zikuluzikulu, poyambira ndi kwa dokotala wa amayi kuti akulembereni kalata.

Ndipo mukamakasankha njira yolera mutachira, ngati munaundanapo magazi mumtsempha nenani asanakupatseni chilichonse, mapilitsi olera okhala ndi homoni ya estrogen saloledwa kwa munthu wotero, akupatsani ina monga lupu kapena ya pamkono. Mitsempha yotupa chabe imene sinaundanepo siiletsa njira iliyonse. Mimba yotsatira mukangodziwa kuti mwaima yambiranitu kugonera kumanzere ndi kukweza miyendo mwezi wachitatu womwe, osadikira kuti muyambe mwamva kulemera.